Ndinagwirizira mpando zaka zitatu popanda kalata

Tsiku limene bwana wathu ankatsanzika kupita kukapuma, kumapeto kwa 2014, anandiitanira mu ofesi mwawo anthu asanayambe kudya zaphwando. Anatsegula dirowa, natulutsa makiyi a kabati ndi chidindo, n'kundipatsa. "Mayi, mukhala mukugwirizira kaye mpandowu. Kalata ibwera kuchokera ku Lilongwe." Ndinalandira ndi manja awiri, ndikupinda maondo pang'ono monga tinaleredwera. Kalatayo mpaka lero sindinaione.

Ndimagwira ntchito m'boma kuno ku Blantyre. Nthambi yake sinditchula, chifukwa nkhaniyi si ya ofesi imodzi. Ndikaifotokoza kwa amayi anzanga a m'maofesi ena, ambiri amangoseka chowawa n'kunena kuti ndiye yawonso. Ndinalowa mu 2004 ngati kalaliki, giredi M, ndili ndi satifiketi ya MSCE yokha. Dipuloma ndinakaipeza ku Mpemba. Digiri ndinachitira ku Poly, imene pano ikutchedwa MUBAS, ndikuphunzira madzulo ndi kumapeto kwa sabata. Zaka zimenezo ndinkaimirira pa Ginnery Corner kudikira minibasi kutada, kufika ku Machinjiri ana atagona kale, nsima itauma m'mbale. Ndiye pamene makiyi aja anagwera m'manja mwanga, ndinati basi, thukuta lija layamba kubala.

Ntchito ndinaigwira, osanama. Bajeti ya gawo lathu ndinkalemba ndine, malipoti a miyezi itatu iliyonse ndine, misonkhano ya akuluakulu ndine, kugawa mafuta a galimoto ndi kuweruza mikangano ya madalaivala ndi amesenjala ndine ndemwe. Ntchito yanga yakale nayo inali pomwepo, poti pampando wanga sipanabwere munthu. Malipiro anali omwe aja. Ndikafunsa za kalata, yankho linali lakuti ili m'njira. Nditafunsa kachitatu ndinasiya, poopa kuoneka ngati mzimayi wa dyera la maudindo.

Nyengo yakenso inali yoipa kwa mzimayi wofunsa za mpando. Mayi Joyce Banda anali atangogonja pa chisankho cha mu May 2014, ndipo aphungu achizimayi anali atatsika kufika pa 32 mwa mipando 193. Pa tiyi wa 10 koloko abambo ena ankalankhula mosabisa: "Tinakupatsani, mwaona nokha." Mawu aja akuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo anali pakamwa pa ambiri, amayi anzathu ena ali momwemo. Ine ngoloyo ndinkaikoka tsiku ndi tsiku, kungoti pa goli panalibe dzina langa.

Amene anayamba kundidzidzimutsa ndi ma odita, mu 2016. Inali nthawi ya pambuyo pa Cashgate, nkhani ija ya kubedwa kwa ndalama za boma, pamene siginecha iliyonse inkayang'anidwa ndi maso awiri. Mnyamata wina wa m'gulumo anaika mulu wa mavocha patebulo, naloza pamene ndinasaina.

"Amayi, apa munasaina ngati ndani?"

"Ngati wogwirizira mpando."

"Kalata yake tiione."

Ndinangoti kakasi. Ndalama zonse zinapezeka kuti zinayenda bwino, koma m'lipoti mwawo analemba kuti mapepala ankavomerezedwa ndi munthu wopanda chilolezo cholembedwa. Usiku umenewo sindinagone. Zikanachitika kuti panasowa kandalama ngakhale kochepa, wokagona kundende ya Chichiri akanakhala ine, ndipo amene anandipatsa chidindo anali kale kumudzi akuyang'anira mbuzi zawo. Inu amene mukugwirizira udindo ndi mawu apakamwa, dziwani kuti mwasenza mlandu wa mpandowo koma mphamvu yake mulibe. Alawansi ya wogwirizira nayo siituluka popanda kalata. Zaka zitatu za ndalama imeneyo zinangopita ngati madzi a mu Mudi.

Chaka chomwecho pa bolodi panapachikidwa chikalata cholengeza mipando yopanda anthu, ndipo mpando umene ndinkagwirizirawo unalipo. Ziyeneretso zonse ndinali nazo. Ndinapita kwa mkulu wina kukafunsa nzeru, iwo anandiuza mwachikondi: "Inu musavutike, dzina lanu likudziwika kale kumtunda. Akufunsirawo akungotaya mapepala." Ndinakhulupirira. Ndivomere apa kuti ndinafuna kukhulupirira, chifukwa intavyu ndinkaiopa kwambiri. Ndinkadziuza kuti ntchito yanga ikuoneka yokha, kudzionetsera n'kwa anthu opanda khalidwe. Tsiku lotseka linadutsa ine osalemba kalikonse.

Mu 2017 kunabwera bambo wina wachinyamata, kalata yake ili m'manja. Anali munthu waulemu, ndipo mpaka lero timalonjerana bwino. Ndinamupatsa makiyi ndi chidindo, kenako ndinakhala miyezi isanu ndi umodzi ndikumuphunzitsa ntchito. Tsiku lina tili awiri mu ofesi anandifunsa, "Achemwali, nanga bwanji inu simunafunsire? Tonse amene tinaitanidwa ku intavyu tinali amuna. Ankati palibe mzimayi amene analemba." Ndinapita kuchimbudzi kukalira, n'kusukusula, n'kubwerera kudzamalizitsa lipoti lake.

Mawu akuti "palibe mzimayi amene analemba" ndi amene anandichititsa kufunafuna lamulo lija timangolimva pa wailesi, la Gender Equality Act la 2013. Ndime 11 imanena kuti polemba anthu ntchito kapena powaika m'maudindo m'nthambi iliyonse ya boma, pa anthu 100 alionse amuna kapena akazi asachepere 40 ndipo asapitirire 60. Apo ndi pamene ambiri timasiyira kuwerenga. Koma mukapitirira pang'ono, lamulo lomwelo limamasula olemba ntchito ngati wofunsirayo alibe maphunziro kapena luso loyenera, ngati wapatsidwa mpando iye n'kukana, kapena ngati munthu woyenera sanapezeke. Ndiye kuti ine, posalemba kalata ija, ndinawatsegulira ndekha khomo lotulukira. Lamulo silikanatha kundimenyera nkhondo dzina langa palibe pa mndandanda. Mu 2020 amayi atachita zionetsero chifukwa cha kuchepa kwa akazi m'mabodi a makampani a boma, ndinali nawo mumtima, koma ndinkaganizanso za ife a m'munsi amene sitifika n'komwe pamene mayina amasankhidwira.

Amene ananditsegula maso kwenikweni sanali loya kapena wa bungwe. Anali mayi wina wa ku rejisitire, amene ankasunga mafayilo kuyambira nthawi ya a Kamuzu, pamene mzimayi sankaloledwa kuvala thalauza. Anandiona ndikuyenda mutu uli pansi, nandikodola. "Mwana wanga, tabwera udzaone moyo wako." Anatulutsa fayilo yanga. Inali yopyapyala ngati buku la mwana wa sitandade 1. Munali kalata yondilemba ntchito, mafomu a tchuthi, makalata atatu a tchuthi cha uchembere, ndi chenjezo limodzi la kuchedwa la mu 2007. Dipuloma inalimo, koma kope la digiri munalibe, ngakhale ndinalipereka ndi manja anga. Za zaka zitatu zogwirizira mpando munalibe ngakhale chiganizo chimodzi.

Kenako anatulutsa ya bambo wina wa giredi yanga, osanditsegulira, kungondionetsa kunenepa kwake. Anati, "Awa akapita ku msonkhano wa tsiku limodzi ku Mangochi, amabwera ndi kapepala n'kundiuza kuti ndiike. Inu amayi mumagwira ntchito, amunawa amasunga mapepala. Akuluakulu a ku Lilongwe sakudziwani nkhope, amadziwa fayiloyi."

Kuyambira sabata imeneyo ndinasintha kachitidwe. Ndinajambulitsa masatifiketi onse, kope lina la fayilo ya pano, lina ndinakaliperekera ndekha kulikulu nditapita ndi basi ya m'mamawa, ndipo konseko ndinapempha kuti andidindire pa kope langa kusonyeza kuti alandira. Ndinafufuza maminitsi a misonkhano yonse imene dzina langa linalembedwa ngati woimira gawo lathu, malipoti amene ndinasaina, ngakhale lipoti la ma odita lija londichititsa manyazi, chifukwa nalo linali umboni woti mpando ndinaugwira. Mafomu ounikira kagwiridwe ka ntchito, amene tonse tinkawadzaza mothamanga kapena osadzaza n'komwe, ndinayamba kuwalondola mpaka bwana asaine.

China chimene ndinaphunzira mochedwa, ndipo ndimauza aliyense: bwana akakupatsani ntchito ya mpando wa pamwamba ndi pakamwa, n'kumazengereza kulemba, lembani inuyo. Kamemo kafupi, kaulemu, konena kuti potsatira zimene munandiuza pa tsiku lakuti, ndayamba kugwira ntchito zakutizakuti, ndipo ndikupempha kuti munditsimikizire polemba. Kope lina lipite ku rejisitire, lina kunyumba, osati m'dirowa ya ku ofesi. Si mwano ayi. Bwana wanzeru amasangalala nako chifukwa kamamutchinjirizanso iye. Amene angakwiye nako, ndiye mwadziwiratu kuti kalata sankafuna kukupatsani.

Mu 2018 kunatulukanso chikalata cha mipando. Ndinalemba tsiku lomwelo. Tinapangana amayi anayi a m'maofesi osiyanasiyana kumakumana Loweruka lililonse kunyumba ya mmodzi wa ife ku Chitawira, osati banki nkhonde koma kufunsana mafunso. Tinkawerenga malamulo a ogwira ntchito m'boma aja timati MPSR, Public Service Act, lamulo la kayendetsedwe ka ndalama za boma, lamulo la kugula katundu la 2017, ndi MGDS III imene inali ndondomeko ya chitukuko ya nthawi imeneyo. Lero wopita ku intavyu asapite osadziwa Malawi 2063, masomphenya a chitukuko cha dziko lino. Koma chimene chinatipindulira koposa si mabukuwo. Tinkayeserera intavyu, wina n'kukhala wapampando wolusa, ndipo tinazindikira kuti tonse anayi tinali ndi matenda amodzi. Akatifunsa zimene tinachita, tinkati "tinayesetsa", "anzanga anandithandiza", "mwa chisomo chabe", maso ali pansi. Mnzathu wina, mphunzitsi, ankagogoda patebulo nthawi iliyonse wina akabisala kumbuyo kwa "ti". Zinanditengera masabata kuti ndithe kunena kuti "ndinalemba bajeti", osamva ngati ndikudzitama pamaliro.

Ndinakhoza. Koma kalata yokwezedwayo inabwera ndi mnzake: ndikayambe ntchito ku Chikwawa.

Apa ndi pamene amayi ambiri timagwera, ndipo sindingaweruze aliyense amene anakana. Bambo a kunyumba sananene kuti ayi, koma anakhala masiku atatu akungoyankha ndi mutu. Apongozi anga aakazi anatumiza uthenga wofunsa ngati ndakwatiwa ndi boma. Nkhani inafika kwa ankhoswe. Amalume anga anabwera kuchokera ku Chiradzulu, ndipo ine ndinkayembekeza kuti andiuza kuti banja ndi kupirira. Anamvetsera mbali zonse, kenako anafunsa bambowo funso limodzi: "Akanakhala inu mwakwezedwa n'kutumizidwa ku Karonga, tikanakhala pano?" Panali chete. Tinagwirizana kuti ndipita, ndizibwera Lachisanu lililonse, ndipo mng'ono wanga adzakhala ndi ana.

Zaka zitatu ndinkatsika mapiri aja Lolemba m'bandakucha, n'kuwakwera Lachisanu madzulo pa minibasi yodzaza ndi matumba a makala ndi mbuzi. Kutentha kwa Okutobala kuchigwa cha Shire sikufotokozeka kwa munthu wa ku Blantyre. Mtengo wake ndinalipira, sindibisa. Mwana wanga wachiwiri anabwerera m'mbuyo kusukulu, ndipo chaka chimodzi anabwereza. Kutchalitchi kunamveka zoti banja latha. Ku ofesi yakale kunamveka zoti pali bwana wina amene "anandikonzera", ndipo amene ankafalitsa kwambiri anali mayi amene tinkadyera limodzi chiwaya masana. Mawu amenewo amapweteka, ndipo palibe kalata imene ingawatseke. Chimene chinandilimbitsa n'choti ndinkadziwa mmene ndinakhozera, ndipo amayi atatu a ku Chitawira aja ankadziwanso. Ngati wina wakuuzani kuti mpando ulipo koma mudutse kaye kuchipinda kwake, dziwani kuti lamulo lomwe lija la 2013 limati umenewo ndi mlandu, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission linapatsidwa udindo woona kuti lamuloli likutsatidwa. Sungani mauthenga a pafoni, musafufute.

Ku Chikwawa ndi kumene ndinaphunzira utsogoleri weniweni, chifukwa kunalibe wondibisa. Mafumu, makhansala, madzi osefukira a mu March 2019, zonse zinali pamaso panga. Nditabwerera ku Blantyre mu 2021 kudzatsogolera gawo, palibe amene akanati sindinakhwime.

Ngakhale pano tizinthu tating'ono sititha. Alendo amalowa, n'kupereka moni wa manja awiri kwa wachiwiri wanga wamwamuna, ine n'kundifunsa ngati bwana alipo. Pa misonkhano, ikafika nthawi yosankha wolemba maminitsi, wopemphera kapena woyang'anira za tiyi, maso onse amatembenukira kwa amayi, ngakhale atakhala ndi digiri ziwiri. Wolemba maminitsi salankhula, mutu umakhala pa pepala, ndipo pakutha pa chaka anthu amati mayi uja alibe maganizo. Ndinaika kasinthasintha: aliyense amalemba maminitsi ikafika nthawi yake, kuyambira wachiwiri wanga. Nkhani zikuluzikulu ndinakana kuti zizikambidwa 5 koloko itadutsa kapena kumalo omwera, kumene mayi wa ana sangapite popanda kutchedwa dzina. Mukadandaula za izi pamakhala wina wokukumbutsani kuti pulezidenti wamkazi munakhala naye mu 2012, Mayi Anastasia Msosa anakhala mkulu wa oweruza milandu mu 2013, Mayi Catherine Gotani Hara anakhala Sipikala mu 2019, nanga mukufunanso chiyani? Amayi amenewa ndimawalemekeza, ndipo Mayi Rose Chibambo a pa K200 aja anayamba kulima njirayi ife tisanabadwe. Koma lowani mu msonkhano wa akuluakulu a nthambi iliyonse, muwerenge zitenje ndi masuti. Vuto lili pakatipa, pamene mzimayi amakhala giredi imodzi zaka khumi akuphunzitsa mabwana ake.

Tsopano ndinene zanga zochititsa manyazi, chifukwa popanda izi nkhaniyi ikhala yodzikometsera.

Mu 2022 kunabwera mwayi wa maphunziro a masabata asanu ndi limodzi, ogonera komweko, ndipo gawo lathu linapatsidwa malo awiri. Pa mayina amene anandibweretsera panali mtsikana wina wakhama kwambiri, amene anali atangobwera kumene ku tchuthi cha uchembere, mwana ali ndi miyezi isanu. Ndinayang'ana dzina lake, ndinakumbukira mmene ndinkavutikira ine ndi makanda, ndipo ndinalifufuta. Mumtima ndinkati ndikumuchitira chifundo. Ndinatumiza anyamata awiri.

Patatha masiku awiri anagogoda. Anaima pakhomo, manja kumbuyo.

"Madamu, pepani, ndamva kuti dzina langa linachotsedwa."

"Eya mwana wanga, ndinaganizira khandalo. Mwayi wina ubwera."

"Madamu, munandifunsa?"

Anatero motsitsa mawu, koma ndinamva ngati andithira madzi ozizira. Anapitiriza kunena kuti amayi ake anali atavomera kale kupita naye kukalera mwana, malo ogona kufupi ndi kophunzirirako anali atafufuza, ndipo maphunzirowo ndi amene ankasowa kuti akwanitse ziyeneretso za giredi yotsatira. Ine amene ndinalira m'chimbudzi chifukwa ena anandisankhira zochita, ndinali nditamusankhira mnzanga, ndipo ndinachita mwaulemu womwe uja wa mkulu amene anandiuza kuti ndisavutike. Mndandanda unali utapita kale. Ndinaimba mafoni, ndinapepesa kumene ndinayenera kupepesa, koma sizinatheke. Anadikira chaka china chathunthu, ndipo intavyu imodzi inamudutsa chifukwa cha ine.

Kuchokera pamenepo mayina a opita ku maphunziro, ku misonkhano ya kunja kwa mzinda, kapena oimira gawo pamaso pa akuluakulu, sindilemba ndili ndekha. Ndimaitana munthu aliyense woyenera n'kumufunsa, ndipo za kunyumba kwake amanena yekha. Ndinayambanso kusunga kabuku kolemba amene wapita kuti chaka chino. Nditakawerenga koyamba ndinadabwa: dalaivala wathu anali atayenda maulendo ambiri a alawansi kuposa amayi onse a m'gawo kuwaphatikiza, ndipo palibe amene anachita dala. Chikalata cha mipando chikabwera sindichisiya pa bolodi pokha, pamene chimatha kuphimbidwa ndi chilengezo cha maliro. Ndimachijambula n'kuchiika pa gulu lathu la WhatsApp, ndipo amene ndikuona kuti akuyenera ndimamufunsa pamaso ngati walemba. Ena amandiyankha zimene ndinkayankha ine: ndidikira kaye, sindinakonzeke, bambo a kunyumba sindinawauze. Sindikakamiza, koma ndimawafotokozera za fayilo yanga yopyapyala ija.

December wathayu ndinatenga tchuthi cha mwezi wathunthu, wachiwiri wanga atasamutsidwa. Woyenera kugwirizira anali mtsikana yemwe uja, amene pano anakwezedwa. Ndisanamupatse makiyi ndinalemba kalata, makope atatu, lake, la ku rejisitire ndi lopita kulikulu, yonena tsiku loyamba, tsiku lomaliza ndi mapepala amene ali ndi mphamvu yosaina. Anaiwerenga ataimirira, pang'onopang'ono, mpaka pansi. Kenako anaibwezera patebulo, naisunthira kwa ine ndi zala ziwiri.

"Madamu, simunadinde."